Buku la Alangizi

Tereza ndi Piyo, ana anga, mitu ina ya mbiriyi ndinalemba mosavuta, koma uno ndauzengereza miyezi inayi. Ukukamba za buku limodzi lomwe simungaganize kuti mayi wanu, wa bungwe la amayi kutchalitchi, analiwerenga mpaka kumapeto. Ukukambanso za bambo wina amene simunamuonepo, a Sandalamu, amene ankabwera kudzacheza nane Lachinayi lililonse kwa zaka zitatu, ndipo ndinawathamangitsa ndekha ndi pakamwa pangapa. Iwe Tereza unandifunsa tsiku lina pafoni, uku ukuseka, ngati ndinamvapo za buku lachikondi lija linasokosa dziko lonse, ndi ngati lilidi lokoma monga ankanenera, ndipo ndinakuyankha kuti ine zachibwana sindizidziwa. Ndinakunamiza, mwana wanga. Bukulo lili m'nyumba muno, ndipo kuti mumvetse mmene linafikira ndiyambire kutali pang'ono.

Chaka changa choyamba pantchito, ku Golomoti

Ndinatsika sitima pa Golomoti ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, sutikesi pamutu, kalata ya ntchito m'manja. Ine mwana wa kumapiri, kutentha kotero ndinali ndisanakuonepo. Sukulu yomwe ananditumiza inali ndi zipinda zinayi zokha zofolera, makalasi ena onse ankaphunzirira pansi pa mitengo ya mango, ndipo choko ankatigawira Lolemba chodula pakati. Ahedi anali a Chimwala, bambo wamfupi amene sankavula tayi ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Sabata yachiwiri ndinaona mu ofesi mwawo bokosi lalikulu lamatabwa lokhoma ndi loko, ndipo ndinafunsa kuti muli chiyani.

"Muli mabuku a nthano, mwana wanga," anatero a Chimwala. "Atsopano, sanagwidwepo."

"Nanga bwanji osawapatsa ana awerenge?"

"Ana ake ati? Awa odya mango ndi manja awiriwa? Sabata imodzi yokha mabuku onse asanduka sanza. Akadzabwera oyendera sukulu ndidzawaonetsa chiyani?"

Oyendera sukulu anabweradi teremu yachitatu. A Chimwala anatulutsa kiyi monyadira, n'kutsegula bokosi lija pamaso pa alendo ndi pa ife tonse. Munali dothi lofiira lokhalokha ndi zikuto zochepa. Chiswe chinali chitaboola pansi n'kudya mwakachetechete, mwina kwa zaka ziwiri. A Chimwala anatola chikuto chimodzi, anachitembenuza uku ndi uku, kenako anangoti, "Komatu ndinkasunga bwino." Nkhani imeneyi ndinaseketsa nayo anthu zaka zambiri, ndipo tsiku lomwelo ndinalumbira kuti buku lokhala m'manja mwanga silidzagona m'bokosi. Lumbiro limeneli mulisunge, mulifuna kutsogoloku.

Zaka za ku Mua

Za ku Mua ndinalemba kale m'mutu wina, pano ndingodutsamo. Kumeneko n'komwe ndinakumana ndi bambo anu a Fabiyano, mmisiri wa matabwa, ndipo ndi iwo amene anandikhomera mashelefu oyamba m'kachipinda kosungiramo makasu komwe ahedi a kumeneko anandilola kusandutsa laibulale. Mabuku anali ochepa moti ndinkawaimika chopingasa kuti shelefu ioneke yodzaza. Ndinaphunzira kukutira buku lililonse ndi mapepala a matumba a simenti ndi kulemba dzina lake pamwamba ndi cholembera chakuda, chizolowezi chomwe sindinachisiye mpaka kupuma. Bambo anu atamwalira inu munali mutapita kale kusekondale yogonera komweko. Patatha chaka abale awo anabwera kudzandisudzula, anandiuza mwaulemu kuti ndine womasuka, n'kukwera basi kubwerera kwawo. Palibe anandiuza kuti munthu womasuka amalankhula ndi ndani akaweruka kuntchito. Ndinkayatsa wailesi ndisanavule nsapato, kuti m'nyumba mumveke mawu a munthu.

Ku Mtakataka, zaka zitatu ndisanapume

Malo anga omaliza anali sekondale ina yoyendera kufupi ndi Mtakataka. Kumeneko ndinapeza laibulale yeniyeni, yamawindo a magalasi, ngakhale theka la mabuku ake linali la nkhani za chipale chofewa ndi malamulo a maiko omwe ana athu sadzafikako. Ndinapempha kuti Lachinayi masana tizilola anthu a kumudzi kudzawerenga, ndipo anandilola. Poyamba kunkabwera anthu ambiri kudzaona nyuzipepala, kenako anatopa, n'kutsala munthu mmodzi yekha wosajomba.

A Sandalamu anali mlangizi wa zaulimi wopuma pantchito. Kwawo kunali ku Mchinji, koma anakwatira kufupi ndi sikimu ya mpunga ya Bwanje n'kukhala chikamwini pamudzi wa akazi awo, amene panthawiyo anali atamwalira. Ankapalasa njinga ulendo wonsewo, buluku atalimanga ndi mphira m'miyendo, n'kufika thukuta lili kamukamu. Ankalunjika kushelefu ya Ulimi, yomwe mwana wa sukulu aliyense ankaithawa, n'kukhala patebulo la pawindo ndi pensulo yawo. Vuto lawo linali limodzi, kulemba m'mphepete mwa masamba. Mlembi akanena zomwe iwo sakugwirizana nazo ankamuyankha pomwepo. Tinakangana kambiri pa zimenezi.

"A Sandalamu, mabuku a sukulu si makope anu."

"Ndi pensulo iyi, aphunzitsi, imafufutika. Bodza la mzunguyu ndiye silifufutika. Akuti mpunga uziwokeredwa mwezi wa Meyi. Meyi wa kuti?"

Ana akaweruka ndinkatsegula fulasiki ya tiyi, iwo n'kutulutsa nthochi kapena mtedza, tikamacheza mpaka dzuwa kupendeka. Sitinkakamba zozama ayi. Tinkakamba za mvula, za ana athu okhala kutali, za maliro a sabata imeneyo. Koma pa anthu onse amene ankandipatsa moni pa Mtakataka, iwo okha ndi amene ankafunsa funso lachiwiri. Ena ankati mwaswera bwanji n'kudutsa. Iwo ankati, "Nanga bondo lija lakhala bwanji?" Ndinene poyera pano, poti ndakalamba: sabata yanga yonse inkayenda kulunjika Lachinayi, ndipo Lachitatu ndinkasita diresi.

Chaka chomaliza, nyengo ya mvula

Buku lija linabwera ndi Madamu Chisale, mphunzitsi wachitsikana wa Chingelezi, pochokera kutchuthi ku Lilongwe. Dzina lake sinditchula, mukulidziwa. Analowa nalo mu laibulale atalibisa m'chitenje ngati wanyamula nyama yakuba.

"Amayi, buku ili lagwedeza dziko," anatero monong'ona. "Pawailesi alikamba, m'mafoni nkhani ndi yomweyi, ku Lilongwe akazi akulimbirana. Akuti banja lozizira likangoliwerenga limayaka ngati moto wamapesi."

"Moto wamapesi suchedwa kuzima," ndinamuyankha. "Muli chiyani?"

"Za kuchipinda, amayi. Zonse. Osabisa kanthu."

Ankafuna kuti ndimusungire mu laibulale, chifukwa amuna ake ankafufuza m'chikwama mwake, komanso kuti anzake azilitenga mosaonekera. Ndinakana. Ndinamuuza kuti muno mumalowa ana a eni, achoke nalo. Koma bukulo silinasiye kundizungulira. Madamu Chisale analikutira ndi pepala la simenti monga ndinkachitira ine, n'kulemba pamwamba kuti Buku la Alangizi. Inu ana a m'tauni mwina mwaiwala kuti kuno mawu amenewa ali pawiri: pali alangizi oyenda panjinga kuphunzitsa kubzala m'mizere, palinso alangizi amayi aja amatsekera mkwatibwi m'nyumba n'kumuuza za m'banja. Madamu Chisale ankanena achiwiriwa, ndipo akazi onse ophunzira a pa Mtakataka anamva nthabwalayo. Kumsika unkangomva namwino akufunsa mphunzitsi kuti, "Alangizi agona kwa ndani lero?" onse n'kufa nazo nseko.

Mbiri yake inakula kuposa bukulo. Ankati namwino wina anapsereza ndiwo masiku atatu otsatizana. Ankati mkazi wa wapolisi atangoliwerenga, amuna ake anasiya kuchedwa kumowa. Ankati mayi wina wa ku Golomoti anaima patatha zaka khumi osabereka. Ine ndinkagwedeza mutu ngati wonyansidwa, koma ndisaname, mtima unkafuna kudziwa. Palibe anandiika pamzere wa owerenga. Ankati akandiona amasiya nkhaniyo, poti ndine mayi wamkulu, wamasiye, wa kutchalitchi, ngati kuti amasiye alibe magazi. Zimenezo zinkandipweteka kuposa mmene ndinkavomerezera.

Chimene sindinadziwe n'chakuti Madamu Chisale sanamvere kukana kwanga. Ankalibisa mu laibulale momwemo, pashelefu ya Ulimi, podziwa kuti kumeneko sikufika mwana. Anaiwala kuti shelefu imeneyo inali ndi mwini wake. Lachinayi lina m'mwezi wa Malichi ndinali wotanganidwa ndi ana a Fomu 4 ofuna mapepala a mayeso akale, pamene a Sandalamu anakweza buku m'mwamba ali kutsidya kwa chipinda.

"Aphunzitsi, ili ndi latsopano? Buku la Alangizi?"

Sabata imeneyo tinali titalandira katoni ya timabuku ta ulimi, ndipo maganizo anga anali pa ana aja. Ndinangoona pepala la simenti, osamvetsetsa dzinalo. Ndinayankha mokweza, ndikumwetulira, "Tengani, limenelo ndi lanulanu. Likuthandizani." Tsiku limenelo sanadikire tiyi chifukwa kunkabwera mvula. Analemba okha dzina m'kaundula, analowetsa buku m'jumbo n'kupalasa njinga.

M'mawa mwake Madamu Chisale analowa akuthamanga, anafufuza pashelefu paja, n'kundiyang'ana maso ali tong'o. Titatsegula kaundula tinapeza dzina la a Sandalamu. Mawu anga aja anayamba kundibwerera limodzilimodzi: ndi lanulanu, likuthandizani. Lachinayi lotsatira a Sandalamu sanabwere. Linzakenso sanabwere. Pa zaka zitatu anali asanajombepo kawiri motsatizana. Ndinkakhala ndi fulasiki yanga ndikuyang'ana msewu, ndikudzifunsa ngati akundiyesa mayi wopanda khalidwe, kapena ngati akuuza anzawo kusikimu.

Nkhani ya akazi ambiri sikhalitsa m'thumba. Inafika kwa a komiti ya makolo, ndipo ahedi anandiitana. Anali bambo wachinyamata, wabwino mtima koma woopa makolo kuposa njoka.

"Madamu, ndamva kuti laibulale yanu ikubwereketsa buku lolaula. N'zoona?"

"Linalowa ine osadziwa, ahedi. Ana sanalikhudze."

"Lili kuti pano?"

"Lili kunja."

"Kwa ndani?"

"Zimenezo sindinena. Munthuyo analitenga mosadziwa."

"Chabwino. Lachisanu ndilione patebulo pano, tiliotche pamaso pa a komiti. Apo ayi, za Lachinayi za anthu a kumudzi zathera pomwepa."

Lachinayi lachitatu

Anabwera. Ndinawaona ali patali, ndipo ndinadabwa chifukwa anali atavala jekete ndi tayi, kutentha konse kuja, ndevu atameta, kumbuyo kwa njinga atamangirira chimanga chachiwisi. Tsoka lake ahedi anali ataima pakhonde la ofesi, moyang'anana ndi chitseko changa, akudikira kuona amene abweze buku. Mkatimo munali atsikana awiri akulemba. Ine mantha ndi manyazi zinandigwira nthawi imodzi, ndipo munthu wamanyazi akapanikizika amaluma. A Sandalamu anavula chipewa, anaika jumbo patebulo panga ndi manja awiri, n'kulankhula motsitsa.

"Aphunzitsi, buku lanu lija ndabweza. Ndaliwerenga lonse."

"Si langa."

"Munati ndi langalanga, lindithandiza."

"Ndinaphonya. Sindinkadziwa kuti ndi limeneli. Koma inu munthu wamkulu, mutaona tsamba loyamba, osabweza tsiku lomwelo bwanji? Masabata atatu muli nalo!"

"Ine buku ndikaliyamba ndimalimaliza, mukundidziwa," anatero. Anapotokola chipewa chija m'manja. "Ndingopempha chinthu chimodzi, mayi. Muone tsamba lomaliza."

Ndinaganiza kuti kumeneko n'komwe kuli zolaula zenizeni, ndipo akufuna tizionere limodzi. Atsikana aja anali atasiya kulemba. Ndinakweza mawu kuti ahedi amve ali pakhonde pomwepo.

"Ine ndine mayi wa mpingo, a Sandalamu. Zonyansa sindiwerenga, kaya tsamba loyamba kaya lomaliza. Mukafune kwina anzanu owerenga nawo zimenezo."

Kenako anati, "Pepani, mayi. Ndinamva molakwa." Anavala chipewa, anatuluka, anamasula chimanga chija n'kuchisiya pasitepe, n'kukankha njinga osaikwera mpaka kukafika kumsewu. Tiyi anali mufulasiki pansi pa tebulo, makapu awiri nditatsuka kale.

Lachisanu ndinapita kwa ahedi chimanjamanja. Madamu Chisale anali atandiuza kale kuti iye bukulo salidziwa, ndipo sindinamudandaule, anali ndi banja loti aliteteze. Ndinawauza ahedi kuti zaka makumi atatu ndi zisanu ndagwira ntchito sindinaotchepo buku, ndipo sindiyamba nditatsala miyezi inayi. Ndinati mlandu wonse ndi wanga, andilembere kalata yochenjeza ngati akufuna, bukulo lichoka pasukulu lero lomwe, koma dzina la munthu sindipereka ndipo machesi sindigwira. Anandilemberadi kalatayo, yoyamba ndi yomaliza pantchito yanga yonse. Lachinayi sanalitseke. Ndinabwerera kunyumba ndikudziona ngati ngwazi, ndinatsegula bokosi lachitsulo lomwe muli zikalata za bambo anu, ndinaponyamo bukulo lili m'jumbo yake, n'kukhoma loko. Sindinakumbuke n'komwe za a Chimwala.

Lachinayi linakhalapo, koma munthu wa Lachinayi sanabwerenso. Ndinkatsegula chitseko, ndinkapukuta tebulo la pawindo, ndinkakhala. Kangapo ndinatenga pepala kuti ndilembe mawu awiri opepesa ndipatsire a minibasi opita ku Golomoti, koma ndinkadzifunsa kuti anthu akamva ati chiyani, mayi wamasiye kulembera kalata bambo amene anabwereka buku lija. Paja amati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mpunga unacha, anthu anakolola, kunazizira. Mwezi wa Julaye anandichitira phwando lotsanzikana, anandipatsa chitenje ndi wotchi ya pakhoma, ndipo ndinasamukira m'kanyumba kano.

Januwale woyamba nditapuma

Munthu wopuma pantchito mvula ikamagwa tsiku lonse amasowa pogwira. Inu munali mutabwera pa Khirisimasi n'kubwerera, nyumba inangoti zii, wotchi ija yokha ikugunda. Masana ena ndinatsegula bokosi kufuna kalata ya ubatizo ya Piyo, n'kuona jumbo ija. Ndinatseka chitseko ngakhale kunalibe woti andione, ndinavala magalasi, n'kuyamba.

Tsono funso lako lija, Tereza, loti kodi bukulo ndi lokoma monga ankanenera. Yankho la mayi wako, amene wagwira mabuku moyo wake wonse, ndi ili: chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ndi nkhani ya mtsikana wojambula zithunzi ndi bambo woyendetsa sitima za panyanja. Akumana tsamba lachisanu, ndipo pofika tsamba la khumi ndi chiwiri zovala zili pansi, asanafunsane n'komwe kuti kwanu n'kuti. Masamba ena ananditenthetsa makutu, sindikana, ndinaima kawiri kukamwa madzi. Koma pofika pakati ndinayamba kuyasamula, chifukwa zinali zomwezomwezo, angosintha chipinda. Bamboyo alibe malume, alibe mlongo, sapita kumaliro. Mtsikanayo sadwala ngakhale chimfine, ntchito yake ndi kuluma mlomo ndi kunjenjemera maondo. Madiresi ong'ambidwa ndinawerenga asanu ndi awiri, ndipo palibe anatola singano. Zomwe ankati n'zatsopano, amayi aja anandilangiza ine ku Mua anazinena masana amodzi okha, mwaluso kuposa pamenepo, nyimbo ndi ng'oma zili pomwepo. Ndinadzifunsa kuti kodi ndiwo za namwino uja zinapserera zimenezi?

Ndikanalisiya pakati pakanapanda pensulo. Inayambira tsamba la khumi ndi chiwiri lomwelo, zilembo zing'onozing'ono zopendekera kumanja zomwe ndinkazidziwa bwino. M'mphepete munalembedwa kuti, "Awa abzala asanagaule." Ndinaseka mokweza ndekhandekha mpaka nkhuku zinathawa pakhonde. Patsogolo pang'ono, pomwe bamboyo anagulira mtsikana mphatso zodzaza chipinda, panali, "Feteleza wachuluka, mbewu ipsa." Pena, "Munda umafuna kupuma." Pomwe anakangana n'kugwirizananso tsamba lomwelo, "Kupalira kwa pamwamba, udzu umeranso." Masiku anayi ndinawerenga bukulo, osati chifukwa cha awiri aja, koma kufunafuna pensulo, ndipo zinali ngati a Sandalamu akhala patebulo la pawindo tikukangana monga kale. Chakumapeto nthabwala zinayamba kuchepa. Pena analemba kuti, "Masamba onsewa palibe wafunsa mnzake kuti wadzuka bwanji."

Nkhani itatha panali tsamba loyera lomwe osindikiza amasiya kumapeto. Linali lodzaza ndi pensulo. Ndikukopera pano monga lilili.

"Aphunzitsi, ulimi wa m'bukumu ine sindingauthe, msana unatha kale. Koma ngati munandipatsa kuti ndidziwe kuti nanunso nyumba yakukulirani, ndamva. Akuchikazi andisudzula. Ndikakolola mpunga ndibwerera kwathu ku Mchinji, pokhapokha inu mutandiuza kuti ndikhale. Ndatopa kudya ndekha. Pakamwa sindingathe kunena, n'chifukwa chake ndalemba. Mukakana sindidzakuvutitsani."

Ndinawerenga katatu. Kenako ndinaona jekete ija, tayi ija, ndevu zometa, chimanga pasitepe. Masabata atatu aja sankasangalala ndi zolaula ayi, ankasonkhanitsa mtima woti alembe mizere isanu ndi iwiri. Ndinalira, ana anga, kulira komwe sindinalire chimwalirireni bambo anu. Chiswe sichinalowe m'bokosi langa lachitsulo, tsamba linali lonse bwinobwino. Ndinasunga bwino kuposa a Chimwala.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi mpaka pa Golomoti, kenako kabaza kulowa kusikimu, matope mpaka m'maondo. Anthu anali m'minda akuwokera. Ndinafunsira mpaka ndinapeza nyumba yake, yanjerwa zootcha, pakhonde atayanikapo matewera. Panatuluka mayi wina wamkulu, amene anati ndi mng'ono wa malemu akazi awo. Tinapatsana moni, anandiyalira mphasa, ndinafunsa za a Sandalamu. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Inu ndinu ndani wawo?"

Chichewa chili ndi dzina la wachibale aliyense, ngakhale wa kutali chotani, koma pamphasa paja ndinafufuza osapeza langa. Ndinangoti, "Ndine wa ku laibulale. Ankabwereka mabuku kwathu."

"Oo, ndinu a Lachinayi," anatero mayiyo. "Alamu anapita kwawo. Anakolola msanga, katundu anamanga, koma anakhalanso pafupifupi mwezi osanyamuka, ife osadziwa chomwe akudikira. Likafika Lachinayi ankavala jekete n'kukhala pakhonde pomwepa kuyang'ana njira, osapita kulikonse. Tinkawaseka kuti alamu mukudikira basi pakhonde? Kenako ananyamuka." Anakonza chitenje chake, n'kutsitsa mawu. "Simunamve kodi? Uthenga unabwera mwezi wa Novembala. Anangodwala masiku atatu. Kuno tinapita anthu awiri kukaika."

Anandifunsa ngati pali buku lomwe sanabweze, kuti afufuze m'nyumba. Ndinati ayi, anabweza onse.

Pobwerera sindinakwere kabaza, ndinayenda pansi m'mbali mwa ngalande mpaka kumsewu. Sindikudziwa ngati ndikanavomera. Mwina ndikanaopa inu, mwina ndikanaopa a kutchalitchi, mwina tikanangopitiriza tiyi wathu wa Lachinayi mpaka mmodzi atatsogola. Chomwe chimandiwawa n'chakuti munthu anandifunsa funso mwaulemu wonse, ine n'kumuyankha mwano pa funso lomwe sanafunse, ndipo anapita m'manda akuganiza kuti ndinawerenga n'kukana. Masiku ano ndimadya ndekha monga kale, wailesi ili chiyatsire, ndipo bondo lija likamapweteka palibe amafunsa.

Madamu Chisale ndinakumana naye pamsika chaka chatha, ali ndi mwana kumsana. Anandikokera pambali n'kufunsa moseka ngati ndinaliwerenga buku lija, ndi ngati linali lokoma monga ankanenera. Ndinamuuza kuti masamba mazana anayi ndi mankhusu okhaokha, mpunga uli tsamba limodzi, ndipo tsamba limenelo sanalembe ndi mzungu. Sanamve, ndipo sindinamufotokozere.

Bukulo silikhalanso m'bokosi. Lili pashelefu ya kuchipinda yomwe anakhoma bambo anu, pakati pa buku la nyimbo ndi dikishonale, likadali m'pepala lake la simenti. Tsiku lomwe mudzabwere kudzalongedza katundu wanga mudzalipeza, ndipo ndikudziwa kuti iwe Piyo udzafuna kuliponya pamoto anthu asanalione. Usadzatero. Osafufutanso pensuloyo. Mukadzafuna kuliwerenga, mudzayambire kumapeto.